Tulo ta ku Cipatala

Nkhani ya mwezi uno ndakhala ndiri kuisunga mumtima kwa caka cathunthu, ndipo ndinazengereza kuilemba cifukwa iyamba ndi manyazi anga.

Caka catha, titangomaliza kukolola, m'mimba munandibvuta kotero kuti ngakhale phala linali kundiocha pa cifuwa. Dotolo anaganizira zilonda za m'mimba, nanena kuti afuna kuonamo ndi maso. Kuli kacingwe kofewa, konenepa ngati cala, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kamene amakalowetsa kukamwa ndi kutsika nako kummero mpaka m'mimba. Anandiuza kuti ndisadye kanthu kuyambira pakati pa usiku. M'mawa mwake ndinasaina pepala limene sindinaliwerenge n'komwe, ine yemwe ndimakalipira ana a katekisimu akayankha asanamve funso. Namwino anati, "Musaope atate, tidzakugonetsani pang'ono." Anandipopera mankhwala owawa kummero, nandilasa jekeseni pa mtsempha wa kudzanja. Cotsatira cimene ndikumbukira n'cakuti ndinali gone pa bedi lina, ndiri kufunsa kuti kodi ayamba nthawi yanji. Anandiseka, nati anatsiriza kale.

Ndinatuluka wokondwa, ndiri kutama nzeru za masiku ano. Koma m'basi amai a kunyumba anali duu, osalankhula. Madzulo ndi pamene anati, "Abambo, mukuti simunamve kanthu? Ine ndinali pa benci pafupi ndi citseko. Ndinakumvani muli kubuula ngati mufuna kusanza, mpaka wina anati, agwireni manja. Ndipo m'njira mwandifunsa kanai konse ngati tatenga kadi la ku cipatala."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Munthu amene anabuulayo ndinali ine ndithu, pakuti mkazi amene ndakhala naye zaka zoposa 25 sangasokoneze liu langa ndi la wina. Koma m'mutu mwanga munalibe ngakhale kacidutswa ka zimenezo. Kodi ndinamva kuwawa kapena iai? Nanga ngati ndinamva koma ndinaiwala, kuwawako tikuwerenge kapena tisakuwerenge?

Pamene ndinabwerera kukatenga zotsatira, ndinafunsa. Amene anandilasa jekeseni uja, clinical officer wa dzanja lofewa, anandikhazika pansi nandifotokozera, ndipo ndiwayamika mpaka lero. Mankhwala aja dzina lake ndi midazolam, mbale wake wa diazepam amene ambiri timamdziwa ndi dzina la Valium. Nchito yake ndi kukhazika mtima pansi, kufooketsa thupi ndi kucititsa kuti zimene zicitika mankhwala ali m'magazi zisasungidwe m'cikumbukiro. Munthu akhoza kumva akamuuza kuti meza, akhoza kuyankha, akhoza kukankha dzanja la dotolo, koma pambuyo pake zonse zifafanizika ngati zolemba za pa sileti. Cimene mankhwalawa sacita ndico kupha ululu. Ululu uli ndi mankhwala ake ena, monga pethidine, morphine ndi fentanyl, ndipo pa nchito yowawa amafunika kuwaphatikiza. Koma mitundu iwiriyi ikakumana imacepetsa kupuma, ndiye cifukwa cake amapereka pang'onopang'ono, atakupanani cala ndi kacipangizo koyeza mpweya wa m'magazi.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti cilankhulo cathu cimatinyenga. Ife zonse timangoti "anamgonetsa," pamene eni ake a nchitoyi amasiyanitsa zinthu zitatu. Pali tulo tofa nato ta opaleshoni yaikulu, pamene munthu sadziwa kanthu ndipo nthawi zambiri makina ndiwo amampumira. Pali kucititsa dzanzi mbali imodzi ya thupi munthu ali maso, monga pozula dzino, posoka bala, kapena jekeseni ya pamsana imene amai ambiri amalandira pobereka ndi mpeni. Ndiye pali tulo ta theka tonga tanga tija, tongoziziritsa mtima, munthu osacokeratu. Wodwala akamva liu lakuti "kugonetsa" amayembekeza coyambaco. Akapatsidwa cacitatu, n'kutsala ndi cikumbukiro ca nkhope zomuweramira ndi ululu wa pang'ono, amakhulupirira kuti anadzuka pakati pa opaleshoni, ndipo mantha ake amakhala nawo zaka.

Musaganize kuti cisokonezo cimeneci n'ca ife a kumudzi okha. Mu 2014 madotolo ogonetsa a ku Britain ndi Ireland anatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wa anthu amene anadandaula kuti anali kumva pa nthawi ya opaleshoni. Anapeza kuti madandaulo otere anali ocepa, pafupifupi limodzi pa odwala 19,000 ogonetsedwa tulo tofa nato, ngakhale kuti mwa amai obereka ndi mpeni atagonetsedwa kotheratu anali oculukirapo, limodzi pa 670. Cimene cinandigwira mtima n'cakuti pa madandaulo asanu alionse, pafupifupi limodzi linacokera kwa munthu amene sanapatsidwe n'komwe tulo tofa nato. Anapatsidwa tulo ta theka, koma panalibe anamfotokozera bwino kusiyana kwake. Ngati zitero kumene madotolo ali ambiri, nanga bwanji kwathu kuno kumene mmodzi ayang'ana mzere wa anthu wofika pabwalo?

Tibwerere ku funso langa la usiku uja. Ine ndinena motsimikiza kuti ululu woiwalika ndi ululu ndithu. Munthu amene anali pa bedi pa mphindi zimenezo anali munthu wathunthu, ndipo kubuula kwake kunali pempho lofunika yankho pa nthawi yomweyo. Maganizo akuti "adzaiwala" anabvutitsapo kale anthu osatha kudzilankhulira. Mpaka m'zaka za m'ma 1980, m'zipatala zazikulu za ku Ulaya ndi ku America, makanda obadwa masiku asanakwane anali kucitidwa opaleshoni atapatsidwa mankhwala oumitsa thupi kuti asagwedezeke, koma opha ululu ocepa kwambiri kapena osapatsidwa konse. Madotolo anali kuopa kuti mankhwala amphamvu angaphe khandalo, ndipo ambiri anali kukhulupirira kuti silimva kuwawa monga wamkulu, ndi kuti silidzakumbukira. Mu 1987 dotolo wina wa ku India wogwira nchito ku Oxford, K. J. S. Anand, pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti makanda opatsidwa fentanyl pa opaleshoni anali kucira bwino koposa anzao osapatsidwa. Thupi linali kusunga cipsera ca ululu umene mutu sunathe kuusimba. Amai alionse a m'mudzi akanawauza zimenezi kwaulere, koma panafunika kafukufuku kuti mcitidwe usinthe.

Ndipo kusamvera wodwala sikunathe ndi zaka zimenezo. Mu 2020, pa cipatala ca za ubereki ca yunivesite ya Yale ku America, namwino wina anali kuba fentanyl ndi kudzaza mabotolo ake ndi madzi a mcere, kwa miyezi pafupifupi isanu. Amai oculuka anacitidwa nchito yowawa kwambiri atalandira mankhwala oziziritsa mtima okha, opha ululu ali madzi. Analira, anadandaula, ndipo ena anayankhidwa kuti alandira kale mlingo wonse wololedwa. Namwinoyo anabvomera mlandu m'khoti mu 2021. Ine sindidabwa ndi kubako, pakuti akuba ali paliponse. Ndidabwa kuti kulira kwa amai ambiri cotere, mwezi ndi mwezi, sikunacititse munthu kuima ndi kufunsa kuti m'botolo muli ciani.

Koma ndisaloze cala kutali kokha. Ifenso tiri ndi mbali yathu, ndiyo kusalankhula. Mnyamata amakula ali kumva kuti mwamuna salira. Mtsikana amalangizidwa ndi anamkungwi kuti pobereka alume mano, asacititse manyazi mtundu. Tikafika ku cipatala timaonjezapo ulemu woopa yunifomu, ndiye munthu amangoti "ndiri bwino" thukuta liri kamukamu.

Mai wina wa mu mphakati wathu anandisimbira za kubadwa kwa mwana wake wacitatu. Anamlasa jekeseni ya pamsana, miyendo inalemera, ndipo anamva akumtsina pamimba ndi kumfunsa ngati ali kumva. Iye anali kumva ndithu mbali imodzi, koma anaganiza kuti ndi mmene zimakhalira, naopanso kuoneka wobvuta pamaso pa anthu ophunzira. Anati iai. Zimene anapirira pambuyo pake sindingazilembe pano. Papita zaka zisanu ndi cimodzi, koma akamva fungo la sipiriti mtima umamgunda, ndipo anakana kupita ku sikelo pa mimba yotsatira mpaka anzake a mu mphakati anacita kumperekeza. Amai anga, imvani ici. Pa jekeseni ya pamsana kumva kukoka, kukankha ndi kupanikiza si cacilendo, pakuti mankhwalawa sacotsa kumva konse. Koma kumva kuceka, kubaya kapena kuocha si mmene ziyenera kukhalira. Funso lija la kutsina si mwambo wa ulemu, ndi muyeso, ndipo yankho lanu ndilo liuza wogonetsa ngati dotolo ayambe kapena adikire. Jekeseni ikalephera kugwira pali zocita: kudikira, kuibwereza, kuonjeza mankhwala ena, kapena kugonetsa kotheratu. Koma munthu wa kumutu kwanu uja sangalote.

Ndinene mwacilungamo kuti anthu amenewa amagwira nchito yolemera. M'zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni wogonetsa amakhala clinical officer kapena namwino wophunzitsidwa nchitoyi, nthawi zina mmodzi yekha usana ndi usiku. Maphunziro a madotolo akatswiri a kugonetsa anayamba mu Zambia muno mu 2011 cabe, pa yunivesite ya Zambia ndi cipatala ca UTH. Munthu wotopa akhoza kuyankha mwaukali. Zimenezi zimveka, koma sizisandutsa ululu wa wodwala kukhala bodza.

Pali mankhwala ena amene ndiyenera kuwachula, cifukwa abweretsa milandu m'midzi. Dzina lake ndi ketamine. Anapangidwa ku America mu 1962, ndipo m'zipatala za kumidzi mu Africa apulumutsa anthu osawerengeka, cifukwa amapha ululu mwamphamvu koma kawirikawiri munthu amapitiriza kupuma yekha ndipo magazi sathamanga motsika. Amathandiza poongola fupa lothyoka, potsuka zilonda za moto, ngakhale pa opaleshoni pamene magetsi ndi makina palibe. Mu 2015 dziko la China linapempha bungwe la United Nations kuti mankhwalawa aikidwe pa malamulo okhwima cifukwa ena amaledzera nawo, koma a zaumoyo anacenjeza kuti osauka ndiwo adzabvutika, ndipo pempholo linaimitsidwa. Bvuto la ketamine ndi maloto. Munthu amagona maso ali tong'o, ndipo podzuka akhoza kuona zinthu zimene palibe, kuyimba, kulira kapena kutukwana.

Mnyamata wina wa ku chalichi kwathu anagwa pa ngolo nathyoka mkono. Podzuka ku mankhwalawa anakuwa kuti ali kuona amalume ake ataima kumiyendo kwa bedi ndi nkhwangwa. Amalumewo anali kumudzi, ali kupalira mbeu zao. Acibale amene anali m'wodi anamva, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itafala yakuti mnyamata waulula amene anamgwetsa. Ndinayenda maulendo atatu pa njinga kukakhazika pansi banja limenelo, ndipo linamva pokhapokha namwino wopuma pa nchito wa m'parishi mwathu atawauza kuti iye anaonapo ngakhale asisitere ndi abusa akubwebweta zacilendo ndi mankhwala omwewo. Zolankhula za munthu wodzuka ku ketamine si umboni, si ulosi, si kuulula. Mukhazikeni pamalo pa bata, mlankhuleni mofatsa, ndipo zimene mwamva zisiyeni m'wodi momwemo.

Tsopano ndifike pa funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri poyendera odwala. Ambuya ena a zaka zoposa 80, mkristu wolimba wa Legio, anadwala khansa imene inafika m'mafupa. Ku cipatala anawapatsa botolo la morphine wakumwa, koma iwo analibisa kuseri kwa mtsuko. Nditawafunsa anati, "Aphunzitsi, Ambuye anakana cakumwa coziziritsa ululu pa Gologota. Ine ndine yani kuti ndithawe mtanda wanga? Ndiponso akuti mankhwala awa ndi otsirizira munthu."

Funso limeneli ndi lakale ngati mankhwala omwewo. Opaleshoni yoyamba yocitika poyera munthu atagonetsedwa ndi ether inali ku Boston pa 16 October 1846. Caka cotsatira James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kupatsa amai obereka chloroform, ndipo analemba kabuku koyankha amene akanati kubala ndi zowawa ndi lamulo la Mulungu la pa Genesis 3:16. Mwa zina anawakumbutsa za pa Genesis 2:21, pamene Mulungu mwini anayamba wagonetsa Adamu tulo tatikulu asanamcotse nthiti. Mu 1853 Mfumukazi Victoria inalandira chloroform pobereka mwana wake Leopold, ndipo manong'onong'o anacepa. Kwa ife Akatolika yankho lomveka linacokera kwa Papa Pius XII pa 24 February 1957, poyankha mafunso atatu a madotolo ogonetsa a ku Italy. Anaphunzitsa kuti mkristu alibe lamulo lomkakamiza kufuna ululu cifukwa ca ululu wokha, ndi kuti wodwala amene ali pafupi kufa aloledwa kulandira mankhwala opha ululu ngakhale atamcotsera nzeru kapena kufupikitsa masiku ake, malinga ngati palibe njira ina, colinga si kupha, ndipo sizimletsa kukwaniritsa maudindo ake kwa Mulungu ndi kwa anthu. Anacenjezanso kuti si bwino kumlanda munthu wakufa nzeru zake popanda cifukwa cacikulu. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2279, abwereza ciphunzitso comweci, ndipo acha cisamaliro cocepetsa ululu njira yapadera ya cikondi.

Wina akasankha mwa ufulu wake kupirira gawo la ululu pogwirizana ndi masautso a Ambuye, Eklezia amamlemekeza. Koma palibe katekisiti, mpongozi kapena namwino amene ali ndi mphamvu yosankhira mnzake ungwazi wotere. Ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ambuya aja, ululu utafika pacimake, sanali kutha ngakhale kutsiriza Tikuoneni Maria mmodzi. Za kutsirizira munthu, madotolo osamalira odwala otere amaphunzitsa kuti morphine woperekedwa pa mlingo woyenera, kuyamba pang'ono ndi kukwera monga ululu ufunira, sapha. Cimene amabvutitsa kwenikweni ndi kudzimbidwa, ndi kusinza pa masiku oyamba. Mbiri yoipa anaitenga cifukwa kale anali kuperekedwa pa tsiku lotsiriza penipeni, ndiye anthu anaona botolo lero, maliro mawa.

Ndinawauzanso ambuyawo kuti botolo limene analibisa ndi cuma cimene ambiri padziko lapansi amafa osaciona. Lipoti la akatswiri la mu 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lonse limalandira gawo losafika 1 pa 100 la morphine yense wogawidwa. Mu Africa njira inatsegulidwa kwambiri ndi Dr Anne Merriman, amene poyamba anali sisitere wa Medical Missionaries of Mary. Iye anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, naphunzitsa kusungunula ufa wa morphine m'madzi kuti akhale wochipa ndi wotheka kumwera kunyumba, ndipo mu 2004 Uganda inalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mankhwalawa.

Tinapangana motere. Bambo Mfumu anabwera Lacinai, ambuya analapa, analandira Ukaristia ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala mutu uli bwinobwino, naitana ana ao kuwagawira mau a munda ndi mbuzi. Madzulo ake anamwa mlingo woyamba. Anagona usiku wonse koyamba pa milungu itatu, ndipo m'mawa anapempha phala la nsinjiro. Anakhala miyezi ina iwiri, korona ali m'manja, akudzudzula adzukulu monga mwa masiku onse.

Amene muli ndi tsiku la ku fiyeta patsogolo panu, kapena muli kuperekeza wodwala, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Musanasaine, funsani kuti ndi tulo ta mtundu uti, ngati mudzakhala muli kumva, ndiponso ngati pali mankhwala opha ululu kuonjezera pa oziziritsa mtima. Panganani cizindikiro, monga kukweza dzanja, ca pamene pakamwa padzakhala potsekeka. Nanunso nenani zoona. Ngati mumamwa mowa masiku onse, kaya ndi kacasu, nenani, cifukwa thupi lozolowera mowa sililandira mankhwalawa mofanana ndi la wosamwa, ndipo wogonetsa si Bambo Mfumu kuti akupatseni cilango. Chulani mankhwala a zitsamba amene mwamwa, ndi wacibale aliyense amene anabvutikapo ndi mankhwala ogonetsa. Lamulo la kusadya lisungeni ngati la Lacisanu Loyera, kawirikawiri maola 6 opanda cakudya ndi maola 2 opanda madzi, kapena monga akuuzirani. Munthu wogona akasanza, zakudya zimatha kulowa m'mapapo, ndipo acibale acifundo amene amapereka kambatata mobisa pansi pa bulangete amaika moyo wa wodwala pa ngozi. Mukatuluka musayendetse galimoto kapena njinga, musasaine za malo kapena za ngongole mpaka tsiku lathunthu litapita, ndipo pakhale wina wokufikitsani kunyumba amene adzasunga malangizo a dotolo, pakuti inu mudzabvomera zonse ndi kuiwala zonse.

Ine dotolo wanena kuti afuna kuonanso m'mimba muja mwezi wamawa. Ndamva kuti ambiri amapirira kacingwe kaja ndi mankhwala opopera kummero okha, ali maso, kwa mphindi zosapitirira 10 kapena 15, ndi kuti ena amakonda tero cifukwa amatha kupuma mwadongosolo ndi kumva zimene ziri kucitika. Sindinatsimikize mtima ngati ndiri ndi kulimba kotere. Mafunso anga ndalemba pa kapepala kamene ndakaika m'buku la mapemphero, ndipo amai a kunyumba anena kale kuti adzakhala pa benci lomwe lija, pafupi ndi citseko.